Layson Chikaonda ndi Chimbudzi cha a Kingston

Mphekesera inayamba chaka chimene a Kingston Dzoole anamaliza nyumba yawo ya njerwa kumtunda kwa mudzi wathu, pafupi ndi msewu wa tala. Anthu ankati chimbudzi chawo chija, chopaka laimu, chofolera malata, chokhala ndi loko wamkulu ngati wa pagolosale, mkati mwake mulibe dzenje. Ankati n'kabowo kolekeza m'mawondo, ndipo mwini wake m'mawa uliwonse amalowera kubango ngati tonsefe. Ine sindinaone ndi maso anga. Koma ndinadutsapo kangapo mphuno ili m'mwamba, ndipo ngakhale ntchentche imodzi sindinakumane nayo. Chimbudzi chanji chosanunkha? Nanga loko n'ngwachiyani? Munamvapo kuti wakuba wathyola chimbudzi n'kunyamula katundu wa m'menemo? Choncho mbali ina ya mutu wanga inavomera, mbali inayo inati tiyambe tadikira.

Amene anakhulupirira ndi mutu wonse, ndi miyendo yomwe, anali msuweni wanga Layson Chikaonda, ndipo nkhani ino ndi yake. Ndikulemba ine Raston chifukwa iye pensulo amaigwira ngati nkhafi. Ine ndinafika Sitandade 4, ndipo ndikanapitirira aphunzitsi akanakhala anthu omva malangizo.

Layson anabadwira konkuno ku Chia chaka cha njala ya 1949, n'chifukwa chake mpaka lero amadya akuyang'ana kumbuyo. Ali mnyamata ankatchera miono m'matete. Atakula anakwatira Fainess wa ku Kanyenda, mkazi wa mawu ochepa koma olasa. Munda wa nzimbe utatsegulidwa ku Dwangwa anapita kukadula nzimbe, koma anangotha nyengo ziwiri. Anabwerako ndi wailesi, chipsera pamsongolo, ndi mawu akuti sangagwire ntchito kumene munthu amapempha chilolezo kuti amwe madzi. Kuyambira pamenepo moyo wake unali bwato, mpunga wa faya kudambo, ndi chinangwa kumtunda. Sanali munthu wovuta. Anali wonyada chabe, ndipo akalakwiridwa amasunga mlanduwo ngati mbewu ya chaka chamawa.

Tsono muyenera kudziwa dothi lathu. Kuno n'mchenga. Ukakumba kufika m'chiuno, m'mbali mumayamba kugumuka, ndipo ukaumirira dzenjelo limakukwirira wekha. Koma lamulo la nthawi ya chipani chimodzi linkati khomo lililonse likhale ndi chimbudzi, bafa, thandala la mbale ndi dzenje la zinyalala. Amene analemba lamulolo ndikhulupirira anakulira pa katondo. Ife tinapeza nzeru yathu. Tinkamanga kachisakasa kaudzu kuseri kwa nyumba, n'kukumba kabowo kolekeza m'mawondo, n'kuyalapo mitengo. Tinkachitcha chimbudzi cha boma, chifukwa chinali cha boma basi, ife eni ake sitinkachisokoneza. Woyendera zaukhondo akabwera ankaima patali, kuona denga, kulandira chambo chiwiri, n'kukwera njinga.

Kenako boma linatitumizira woyendera zaukhondo wina, a Kingston. Kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, ndipo panjinga atamangirira ndodo yaitali yokhala ndi mzere wofiira pa mikono isanu ndi umodzi. Nsomba sankalandira. Ankati ali ndi zilonda za m'mimba, koma tinaona tokha kuti ndi nkhanza chabe.

Tsiku la tsoka linali Loweruka lina la Okutobala mu 1987. Kwa Layson kunali chinkhoswe cha mwana wake woyamba, Tione, ndipo akuchimuna anabwera kuchokera ku Nkhunga anthu khumi ndi awiri. Layson anavala jekete yanga yabuluu. Chimbudzi chake cha boma chinali chokongola kuposa zonse m'mudzi, chachitseko chabango ndi chivundikiro chosema yekha, moti ataona a Kingston akutsika njinga pamodzi ndi anyamata awiri achipani, iye ndi amene anawaitana.

"Bwana, fikani kuno muone za anthu aukhondo."

A Kingston anafika. Anatsegula chitseko, kuchotsa chivundikiro, kulowetsa ndodo. Ndodo isanalowe ndi mkono umodzi womwe, pansipo panamveka kulira, ndipo m'bowomo munatuluka thadzi lakuda nthenga zili nyankhalala. Linathawira pakati penipeni pa alendo. A Kingston anawerama, kupisa dzanja, n'kutulutsa dzira.

"Bambo Chikaonda," anatero mofatsa, "chimbudzi chanu chayamba kuikira. Mazira alipo asanu ndi anayi."

Akuchimuna anayesetsa kudzigwira. Amalume ake a mkamwini anadziluma mlomo mpaka misozi. Koma a Kingston sanalekere pomwepo. Anati lamulo silidikira chinkhoswe, khasu libwere. Layson anapempha kuti ayambe Lolemba, anakana. Anapempha kuti avule kaye jekete, anakananso, amvekere munthu waukhondo amakumba ali mu jekete. Anakumba masana onse pamaso pa apongozi ake, anyamata achipani ataima ndi zikoti, mchenga ukubwerera m'dzenje iye akutulutsa. Anakumba masiku atatu. Jekete yanga inabwera ngati chiguduli cha pakhomo.

Ukwati wa Tione unachitika ndithu. Koma mpaka lero anthu a ku Nkhunga akakumana ndi Layson pamaliro, akatha kupatsana moni amafunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga nkhuku ija inaswa angati?"

Tsiku lachitatu lija, akutuluka m'dzenje, Layson anandiuza mawu amene sanawasinthe zaka zisanu ndi zinayi. "Asuweni, munthu uyu adzakumba. Adzakumba ali mu jekete, anthu akuonerera, ine ndikumuwerengera makasu. Ndisanaone zimenezo musandiike m'manda, ndidzadzuka."

Nkhani ya matipate itabwera, Layson anali woyamba pamzere wa riferendamu. Ena ankavota chifukwa cha makadi okakamiza, ena chifukwa cha abale awo amene anasowa. Iye ankavotera chimbudzi. Boma litasintha mu 1994 anagwetsa chisakasa chake masana dzuwa likuswa mtengo, n'kudzalapo mapapaya. Pansi pa mtengo wa mango pamene timasokera maukonde ankalalikira tsiku ndi tsiku.

"Boma lilekeze pamsewu. Likonze mlatho, libweretse mankhwala, ligwire akuba. Kuseri kwa nyumba yanga kulibe boma. Kumeneko pulezidenti ndine, nduna ndi Fainess."

"Nanga sikelo ya ogula mpunga?" ndinkamufunsa dala. "Akamakuberani, asabwere woyeza sikelo?"

"Ameneyo abwere."

"Nanga woyendetsa matola akapakira anthu ngati usipa?"

"Amugwire."

"Ndiye boma mukulifuna, asuweni."

"Ndikulifuna kutsogolo kwa nyumba. Kumbuyo ayi. Kodi inu mutu wanuwo munausiya ku Sitandade 4 konko?"

Mulungu ali ndi nthabwala zake. Chaka chomwecho a Kingston anapuma pantchito, ndipo m'malo mobwerera kwawo anakwatira a Flossie, mayi wamasiye wa m'mudzi mwathu momwemuno, n'kumanga nyumba ija ya kumsewu. Kabudula anasiya, tsitsi linachita imvi, anayamba kupereka moni kwa aliyense. Kwa Layson moniwo unali ngati tsabola m'maso. Ndiye mphekesera ya chimbudzi chopanda dzenje itamufika, anasiya kusoka ukonde, n'kuyamba kumwetulira yekha. Vuto linali limodzi. M'dziko la ufulu, ndani angalowe kuseri kwa nyumba ya mnzake ndi ndodo? Iye mwini ndi amene ankalalikira kuti palibe.

Dzinja la 1996 mvula inagwa yoopsa, dambo linasefukira, ndipo matenda otsegula m'mimba analowa m'mudzi. Tinaika anthu atatu sabata imodzi. Apa sindiseka. Mkazi wa a Mohamedi, mnzake wa Layson wopalasa naye bwato, anapulumukira kuchipatala atamunyamula pamachira. Maliro atatha kunabwera mlangizi wa zaumoyo, mtsikana wamagalasi dzina lake Jenifa, n'kuitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anati boma latsopano silikakamiza munthu, koma mudzi usankhe wokha komiti yoona zaukhondo.

Layson anaimirira asanamalize n'komwe.

"Mayi, zimenezo tinaziona kale. Zimayamba ndi komiti, zimatha ndi zikoti. Ife tinavota kuti zithe."

Anthu anawomba m'manja. Jenifa anati komitiyo idzakhala ya eni mudzi, ndipo idzayendera khomo lililonse. Layson anali atayamba kukhala pansi, koma anaimira m'njira, matako ali m'malere.

"Mwati khomo lililonse?"

"Lililonse, bambo."

"Ngakhale la njerwa?"

"Ngakhale la njerwa."

"Ngakhale pali loko?"

"Mwini wake adzatsegula."

"Ndilembeni," anatero Layson. "Ndipo mundilembe pamwamba."

Tinamusankha kukhala tcheyamani, ena chifukwa chodabwa, ambiri chifukwa tinadziwa kumene ndodo ikulowera ndipo tinkafuna kukaonerera. Msonkhano usanathe a Kingston anakweza dzanja mwaulemu. Anati poti masiku ano zinthu zimayenda mwa demokalase, kuyendera kuyambire pakhomo la tcheyamani, kenako kutsate nyumba ndi nyumba kuchokera kunyanja kukwera kumtunda, ndipo komiti isadumphe khomo limene silinakhoze. Layson, mutu uli kale ku loko uja, anawomba m'manja koposa onse. Jenifa analemba m'buku.

M'mawa mwake anadula nsungwi, kuyeza mikono isanu ndi umodzi, kupaka mzere ndi penti yofiira yotsala pabwato, n'kulunjika kumsewu. Ine ndinali pambuyo. A Kingston tinawapeza akuthirira tomato.

"Mwadzuka bwanji a tcheyamani? Kwanu mwayeza kale?"

"Kwanga ndikudziwako."

"Buku likuti muyambe kwanu. Ine nyumba yanga ndi yomaliza, ya nambala 63. Mukafika mudzandipeza, sindithawa. Mapapaya aja akubereka?"

Tinabwerera. 

Anadula mapapaya n'kuyamba kukumba. Linagumuka kawiri. Kachitatu linamukwirira mpaka m'khwapa, moti Fainess anachita kumuzula ngati chinangwa. Nzeru yake inalipo, yoluka nsungwi ngati nkhokwe n'kuilowetsa m'dzenje kuti igwire mchenga, koma amene ankaidziwa bwino anali a Kingston, ndipo Layson anati bola kufa. Fainess anapita kukaviika chinangwa tsiku limodzi ndi a Flossie, ndipo pobwera anayamba kung'amba nsungwi pakhonde.

"Waphunzira kuti zimenezi?" anafunsa Layson.

"Ndalota," anatero Fainess. "Gwirani uko."

Dzenje linaima. Nsungwi yoyezera inalowa mpaka pa mzere wofiira. Khomo loyamba linatha, kutsala 62.

Apa ndi pamene tinamudziwa msuweni wanga. Khomo lililonse lochedwa linkamuchedwetsa kufika kwa a Kingston, ndiye sankamva za maliro, za malungo, kapena za mpunga umene mbalame zikutha kudambo. Tambala akangolira kachiwiri, iye ali kuseri kwa nyumba yako ndi nsungwi. A Kingston m'masiku awo ankabwera kawiri pachaka. Uyu ankagona m'mudzi momwemo. Anthu atayamba kumuzemba polawirira kunyanja, anatulukira njira imene ngakhale chipani chakale sichinaiganize. Ankapita kugombe n'kutola nkhafi za aliyense amene sanakumbe, n'kukazitsekera kuchipinda kwake.

A Mohamedi, nyumba ya nambala 17, anabwera okha kudzadandaula.

"Achimwene, ine ndi inu tapalasa bwato limodzi zaka makumi awiri. Mukunditengera nkhafi ine?"

"Kumbani, mutenge."

"Wallahi, si inu munkati boma lilekeze pamsewu?"

"Ili si boma. Ndi komiti."

"Ana anga adya komitiyo?"

"Mukakumba lero ndi mawa, mkuja muli panyanja. Mayi a kunyumba kwanu anatsala pang'ono kufa, mwaiwala?"

Mawu amenewo anali oona, n'chifukwa chake anawawa kwambiri, pakuti tonse tinkadziwa kuti Layson sakuganiza za mkazi wa a Mohamedi. A Mohamedi anakumba, koma anasiya kumupatsa moni, ndipo nkhafi yawo anati aisunge, adzaitenga tsiku limene afune okha. Anakasema ina.

Jenifa atamva anabwera panjinga yamoto. "Bambo Chikaonda, ntchito yanu n'kulangiza. Mphamvu yolanda katundu mulibe."

"Ndikuwalangiza, mayi. Kungoti amamva bwino nkhafi zikakhala kwanga."

Jenifa anayang'ana m'buku lake, anaona kuti mudzi wathu waposa midzi yonse ya m'dera lake, anakonza magalasi, n'kunena kuti adzabweranso tidzakambirane. Sanabwerenso msanga.

Ine ndinali nambala 40. Ndinaganiza kuti chisuweni chindithandiza, komabe ndinachitapo kanzeru. Ndinakumba kufika m'chiuno, pansi n'kuthirapo makala osinja kuti ukasuzumira uziona mdima wokhawokha. Layson sanasuzumire n'komwe. Anangolowetsa nsungwi, inagunda, anaitulutsa, n'kuyang'ana kunsonga kwakuda.

"Asuweni, mukuotcha makala m'chimbudzi?"

"Msana, asuweni. Mukudziwa msana wanga."

"Pokavina kumowa msanawo umakhala mwausiya kunyumba?"

"Kumbukirani jekete yanga imene munaononga."

"Ndikuikumbukira tsiku lililonse. N'chifukwa chake mukumba."

Ndinakumba masiku asanu ndi limodzi, ndikutukwana khasu lililonse. Ndili m'dzenjemo ndinapangana ndi mtima wanga kuti tsiku la nambala 63 ndidzakhala kutsogolo. Akagwa a Kingston ndidzaseka. Akagwa Layson ndidzaseka kawiri.

Layson anafika pa nambala 63 mu Julaye, patatha miyezi isanu. Anali ataonda, mpunga wake theka utadyedwa ndi mbalame, ndipo pansi pa mango akafika anthu ankasintha nkhani. Koma nkhope yake inkawala. Sabata yonse ankayenda khomo ndi khomo kuitana anthu ngati ukwati. Anatumiza uthenga mpaka ku Nkhunga, ndipo amalume aja a mkamwini anabweradi, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Tsikulo mwera unkawomba, palibe analowa panyanja, ndiye mudzi wonse unakwera kumsewu dzuwa lili pamutu. Amayi anabwera manja akununkha chinangwa choviika. Wina anabweretsa zitumbuwa zogulitsa.

Layson anafika ndi nsungwi paphewa, khasu latsopano kudzanja, ndipo analiika pakhomo pa a Kingston mosamala ngati mphatso.

"Bambo Dzoole, jekete muli nayo?"

"Ndili nazo ziwiri."

"Sankhani imene mumaikonda. Muifuna posachedwa."

A Kingston anayang'ana khasu, anayang'ana gulu, kenako anayang'ana nsungwi kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"A tcheyamani, ndodo yanuyo ndi yaifupi."

Anthu anaseka, ndipo ine ndinati mumtima, awa ndi mawu a munthu amene madzi afika m'khosi. Layson anatembenukira gulu.

"Mwamva? Mu 1987 munthu uyu anandikumbitsa pamaso pa apongozi anga. Ambiri munalipo. Munaseka, sindikukuimbani mlandu. Lero musekenso. Tsegulani."

A Kingston anapereka kiyi kwa akazi awo. "Mayi, atsegulireni."

A Flossie anatsegula loko, kukankha chitseko, n'kuima pambali manja ali m'chiuno. Mkatimo munali mosesa, simenti pansi, kachidebe ka phulusa pakona. Layson anavula nsapato, sindikudziwa chifukwa chake. Anachotsa chivundikiro. Ife tinaunjikana pakhomo mpaka ena kukwera pa mapewa a anzawo.

Nsungwi inalowa mkono umodzi. Sinagunde. Iwiri. Itatu. Layson anaima pang'ono, n'kuipendeketsa kuti mwina igunda m'mbali. Inayi, isanu. Mzere wofiira unalowa. Anagwada. Anagwira kunsonga ndi zala ziwiri, kulowetsa dzanja mpaka pachigongono, kenako mpaka paphewa, tsaya litagunda simenti, akufufuza pansi ngati munthu wopisa m'mono. Kenako tinaona phewa lake likudzidzimuka. Nsungwi inamupulumuka. Panapita kanthawi tisanamve phokoso lake, ndipo linamveka kutali.

Anadzuka pang'onopang'ono, manja opanda kanthu. Palibe anaseka msanga. Amalume a ku Nkhunga ndi amene anayamba, kakhosi kawo kakulira ngati chitseko chakale.

"Pali chinyengo apa," anatero Layson. "Ayika chinachake."

"Ayika dzenje, achimwene," anatero a Mohamedi. Anatulutsa chingwe cha mbedza m'thumba, kumangirira mwala, n'kulowa okha. Anatsitsa mpaka chingwe chinakhwepa, anachikoka, n'kuchiyeza pamkono pawo mokweza mawu kuti aliyense amve, akumuyang'ana Layson m'maso pa nambala iliyonse. Atatha anapukuta manja. "Tsopano nkhafi yanga ndikuifuna lero, ndipo mubweretse nokha kunyumba, anthu akuona."

Dzenje la a Kingston linali la mikono khumi ndi umodzi, lomangidwa ndi njerwa kuyambira pansi. Silinkanunkha chifukwa cha phulusa ndi paipi yotulutsa mpweya imene inali kuseri. Loko anaika chifukwa cha anthu odikira matola pamsewu. Kubango m'mawa ankapita kukaona miono yawo. Mphekesera ija inali yabodza.